Kudzidalira pakhomo: zoyenera kuyamba ndi zoyenera kudikira

Mu Meyi 2022 mphamvu ya ndalama ya kwacha idatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Nthawi zonse ziwirizo mitengo ya feteleza, mbewu, mafuta ophikira ndi sopo idakwera nkhaniyo isanafike n'komwe m'midzi ina. Dzinja lotsatira mvula idadula chimanga chisanakhwime, kotero kuti mu Malichi 2024 mtsogoleri wa dziko lino adalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pa ngozi. Zaka zimenezi zidasiyanitsa makomo. Khomo limene chakudya chake chonse chidatsamira pa thumba la feteleza wogula ndi munda umodzi wa chimanga lidamenyedwa kawiri, ndi mitengo ya zinthu komanso ndi ng'amba. Khomo limene linali ndi mizere ingapo ya chinangwa ndi mbatata, nandolo m'munda, nkhuku pabwalo ndi mapapaya kuseri kwa bafa lidavutika nalonso, koma linali ndi pogwira.

Kudzidalira sikutanthauza kuleka kugula. Mchere, sopo, zovala, mankhwala ndi zofunika za ana kusukulu zidzafuna ndalama nthawi zonse. Tanthauzo lake n'lakuti zinthu zimene banja liyenera kugula kuti lidye zizichepa chaka ndi chaka, kuti ndalama yochepa imene yapezeka izipita ku zimene munda sungabereke. Phindu lalikulu la zimenezi limaoneka mu Januwale ndi Febuluwale. Banja limene nkhokwe yake yatha limapita kukagwira ganyu m'minda ya ena pa nthawi yeniyeni imene munda wake ukufuna kupalira ndi kubandira. Munda wosapaliridwawo umabereka pang'ono, nkhokwe imathanso msanga, ndipo chaka chamawa ganyu amayamba mofulumirirapo. Mwezi uliwonse umene chakudya cha pakhomo chatalikitsidwa ndi mwezi umene khasu la mwini wake likulima kwawo.

Vuto n'lakuti ambiri akamva za ulimi wodzidalira amafuna kuyamba zonse pa kamodzi: kusiya feteleza, kugula mbuzi, kukumba dziwe la nsomba, kubzala mitengo mazanamazana. Akuluakulu adati ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Nthaka imene yalimidwa chimanga chokhachokha kwa zaka makumi awiri singabwerere m'chimake m'dzinja limodzi, ndipo mlimi amene wasiyiratu feteleza mwadzidzidzi pa nthaka yotere amakolola zochepa kuposa kale n'kuyamba kunena kuti manyowa ndi bodza. Ku Dowa, malo otchuka a Tikondwe Freedom Gardens, amene alimi ndi ophunzira amapitako kukaona ulimi wothirira ndi madzi oyenda okha m'ngalande, adayambidwa ndi Dr Glyvyns Chinkhuntha mu 1982 pa kadimba ka mamita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi. Mahekitala pafupifupi 20 amene malowo adadzafikapo adabwera patapita zaka zambiri. Choncho funso lofunika kwa banja si lakuti lichite zingati, koma lakuti liyambe chiti ndipo chiti chidikire.

Kuwerengera kaye

Ntchito yoyamba sifuna khasu. Banja likhale pansi, bambo, mayi ndi ana okulirapo, n'kuwerengera zinthu zitatu: thumba la chimanga la makilogalamu 50 limatha masiku angati pakhomopo, chakudya cha m'munda chidatha mwezi uti chaka chatha, ndiponso ndalama zambiri zimapita ku chiyani pa sabata. Amayi ndiwo amadziwa bwino yankho lachitatu, ndipo nthawi zambiri limadabwitsa abambo. Tomato, anyezi, mpiru, kabotolo ka mafuta ndi mtolo wa nkhuni zimaoneka zazing'ono pa tsiku, koma zikaphatikizidwa pa chaka zimatha kufanana ndi mtengo wa feteleza amene banja limadandaula kuti silingakwanitse. Zimene zikudya ndalama tsiku ndi tsiku, zomwenso zingathe kumera pafupi ndi khitchini, ndizo zoyenera kuyambira.

Madzi ndi kadimba ka pakhomo

Pakhomo paliponse pamatayika madzi. Otsukira mbale, osambira ndi ochapira amathiridwa pabwalo losesedwa bwino pomwe sipamera kanthu, kapena amadikha kuseri kwa bafa n'kumaswa udzudzu. Kukumba dzenje pamene madzi a ku bafa amatsikira, kulidzaza ndi masamba ouma ndi zinyalala zowola, n'kubzala nthochi ndi mapapaya m'mbali mwake, kumathetsa chithaphwi ndipo kumabereka zipatso popanda kutunga ndowa ina yapadera. Papaya amayamba kubereka chaka chisanathe kapena chitangotha kumene. Pa nthochi pafunika kusamala: ana a nthochi atengedwe ku mitsinde yopanda matenda a chisaka, chifukwa matendawa adatha minda yambiri ya nthochi m'dziko muno ndipo amafala kwambiri pogawana mbewu.

Kadimba ka pakhomo kasakhale kakakulu. Mabedi awiri kapena atatu otchingidwa ndi mpanda wa mapesi, pafupi ndi thandala la mbale, ndi okwanira chaka choyamba. Kadimba kakakulu kotalikira ndi nyumba kamauma mu Okutobala, pamene mjigo uli ndi mzere wautali ndipo palibe amene ali ndi mphamvu zotungira madzi a ndiwo. Mbewu zoyambira zikhale zopirira: bonongwe, luni, chisoso, nkhwani, khwanya, kholowa ndi therere. Masamba amenewa ena amawanyoza kuti ndi ndiwo za osauka, chonsecho safuna mankhwala ophera tizilombo, mbewu yake imatoledwa pomwepo, ndipo pa zofunika m'thupi ambiri mwa iwo amaposa kabichi wogula pamsika. Mtengo umodzi wa chamwamba pa ngodya ya mpanda umapereka masamba ngakhale m'chilimwe.

Amene ali ndi denga la malata ali ndi chitsime chimene sachiwerengera. Milimita imodzi ya mvula ikagwa pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi imapereka lita imodzi ya madzi. Motero denga la mamita 6 m'litali ndi 5 m'lifupi, m'dera lolandira mvula ya mamilimita 800 pa chaka, limatsitsa malita 24,000. Thanki yosunga madzi onsewo ndi yodula ndipo ingadikire. Chimene chingachitike lero ndi kukumba kangalande kotsogolera madziwo ku mitengo ya zipatso m'malo mowasiya akumbe msewu.

Nthaka: pamene pafunika kudekha kwambiri

Munda waukulu ndiwo mtima wa nkhaniyi, ndipo ndi pamene anthu ambiri amakhumudwira. Njira yosaika banja pa chiswe ndi kugawa munda. Chaka choyamba gawo limodzi mwa magawo anayi lisinthidwe kalimidwe, otsalawo alimidwe monga mwa masiku onse. Gawo losinthidwalo likachita bwino, chaka chotsatira liwonjezeredwe. Likalephera, banja silinataye chakudya cha chaka chonse, ndipo laphunzirapo kanthu pa nthaka yakeyake.

Manyowa asanathiridwe, madzi ayambe aimitsidwa. Pa munda wotsetsereka, manyowa othiridwa popanda akalozera amatsikira kudambo ndi mvula yoyamba. Akalozera oyezedwa bwino mothandizidwa ndi alangizi, obzalidwa udzu wa vetiva, pamodzi ndi mizere ya ngonyeka yotsekera madzi m'makwawa, ndiwo maziko a zina zonse. Ntchito imeneyi ndi ya m'chilimwe ndipo sifuna ndalama, koma thukuta lokha.

Manyowa a m'dzenje ndi a chimato amapangidwa bwino kuyambira mu Epulo ndi Meyi, pamene masamba aawisi akadalipo ndipo madzi sanasowe. Amapsa pakatha miyezi iwiri kapena itatu. Amene amayamba kuwunjika mapesi ouma mu Okutobala amafika nthawi yobzala ali ndi mulu wa zinyalala, osati manyowa. Kwa banja limene lapeza thumba limodzi lokha la feteleza, kaya logula kaya la makuponi, manyowa a Mbeya ndiwo mlatho wabwino pakati pa ulimi wakale ndi watsopano. Feteleza wokwana makilogalamu 10 amasakanizidwa ndi gaga, phulusa, ndowe zouma zosinja ndi madzi pang'ono, n'kumangidwa m'thumba lokhala ndi pulasitiki mkati kwa masiku 21, kenako n'kuyanikidwa pamthunzi. Thumba limodzi la feteleza limatulutsa matumba asanu a manyowa otere. Sikuti matumba asanuwo ali ndi mphamvu ya matumba asanu a feteleza. Amene amanena choncho amanamiza alimi. Ubwino wake ndi wakuti feteleza wochepayo amafika pa munda wokulirapo, ndipo gaga ndi ndowe zimasiya m'nthaka chonde chimene feteleza payekha sasiya.

Gwero lina la chonde ndi mbewu za mtundu wa nyemba, zimene mizu yake imakoka chakudya cha mbewu kuchokera mumpweya. Kubzala mtedza ndi nandolo m'munda umodzi, n'kudzabzalamo chimanga chaka chotsatira, ndi njira imene idayesedwa kwa zaka zambiri ndi alimi a ku Ekwendeni m'boma la Mzimba pansi pa bungwe la Soils, Food and Healthy Communities, ndipo idayesedwanso ku Dedza ndi ku Ntcheu. Mtedza umakhwima msanga nandolo akadali wamfupi. Ukakumbidwa, nandolo amatsala yekha, mizu yake imaboola chidikhiro cholimba cha pansi pa mizere, masamba ake amayoyokera m'munda, ndipo mitengo yake imasanduka nkhuni. Komabe nandolo abzalidwe poyamba ngati ndiwo ndi chonde. Alimi a kum'mwera akukumbukira mmene mtengo wake udagwera mu 2017 pamene dziko la India lidachepetsa kugula, ndipo amene adalima nandolo ndi maso a msika wokha adatsala ndi matumba opanda wogula.

Mitengo ndiyo imachedwa kuposa zonse, n'chifukwa chake iyenera kubzalidwa chaka choyamba ngakhale phindu lake lili kutali. Gilisidiya, amene kafukufuku wake adachitika kwa nthawi yaitali ku Makoka m'boma la Zomba kuyambira m'zaka za m'ma 1990, amadulidwa nthambi n'kukwiriridwa masamba m'mizere, ndipo kusintha kwa zokolola kumayamba kuoneka bwino pakatha zaka ziwiri kapena zitatu. Nsangu umachedwa koposa apo, koma uli ndi khalidwe losiyana ndi mitengo ina: umayoyola masamba nthawi ya dzinja, kotero suphimba chimanga, ndipo masambawo amawolera pomwe mbewu zikuwafuna. Njira yotsika mtengo kuposa zonsezi ndi kusiya zitsa za mitengo yachilengedwe zimene zikuphukira m'munda, kusankha mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu n'kudula zinazo. Chitsa chili kale ndi mizu yozama, choncho chimakula msanga kuposa mbande ya m'chubu.

Pa gawo lina la munda pasalephere kukhala chinangwa ndi mbatata. Chinangwa cha Manyokola chimadyedwa osaviika, ndipo chimatha kudikira m'nthaka mpaka nthawi ya njala. Mbatata yofiira mkati, monga Zondeni, Kadyaubwerere ndi Chipika, ili ndi vitamini A wofunika kwa ana ndi amayi oyembekezera, ndipo ingabzalidwe mochedwerapo pamene chimanga chaonetsa kale kuti chalephera. Chovuta pa mbatata ndi kusunga mbewu m'chilimwe. Kabedi kamodzi ka kholowa m'kadimba ka pakhomo kamathetsa vuto loyendayenda kupempha mbewu mvula itagwa kale.

Zokolola zikafika pakhomo

Kukolola zambiri n'kopanda phindu ngati anankafumbwe akudya nawo. Matumba a PICS, okhala ndi mapulasitiki awiri mkati ndi thumba wamba kunja, amapha tizilombo pozimana mpweya, popanda mankhwala, ndipo akasamalidwa kuti asabooke amagwira ntchito zaka zingapo. Chimanga chiyenera kukhala chouma bwino chisanamangidwe. Kuyesa kwake n'kosavuta: njere zingapo ziikidwe m'botolo louma pamodzi ndi mchere wouma, n'kukhutchumula, mchere ukamamatira m'mbali mwa botolo ndiye kuti chimangacho chikadali ndi chinyezi ndipo chingachite chuku. Luso la makolo la kufutsa ndiwo nalonso lisatayidwe. Nkhwani, chitambe ndi khwanya zimachuluka mpaka kuwolera m'munda mu Febuluwale ndi Malichi, pamene mu Okutobala mfutso wa m'chikwatu umakhala chuma.

Mbewu nayo ndi zokolola. Chimanga cha haibulidi sichibwerezedwa chifukwa zokolola zake zimatsika, koma mtedza, nyemba, khobwe, nzama, mapira, mawere, maungu ndi chimanga cha makolo zimasungika pakhomo. Kusankha mbewu kuchitike m'munda, pa mbewu zooneka zamphamvu, osati pa zotsalira za pansi pa nkhokwe.

Chimene chimawononga makomo ambiri ndi kugulitsa chimanga mu Epulo ndi Meyi pa mtengo wotsika n'kudzachigulanso mu Januwale pa mtengo wokwera. Sikuti anthu sadziwa. Amagulitsa chifukwa ngongole, matenda kapena fizi sizidikira. Apa ndi pamene ziweto ndi banki m'khonde zimalowa m'nkhaniyi, chifukwa zimapatsa banja china chogulitsa kapena pobwereka m'malo mopasula nkhokwe.

Ziweto zibwere chakudya chake chitakonzeka

Nkhuku zachikuda ndizo chiweto choyambira. Zimadzisakira chakudya chambiri, thadzi limaswa pakatha masiku 21, ndipo nkhuku imodzi imagulitsika tsiku lomwelo pamene pagwa vuto laling'ono. Mdani wake wamkulu ndi chitopa, chimene chimatha kupululutsa nkhuku za mudzi wonse m'masabata ochepa, makamaka nyengo yotentha. Katemera wa I-2, wopangidwa m'dziko mommuno ku Lilongwe, amadonthezedwa dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse miyezi inayi iliyonse. Katemerayu amateteza koma sachiza, choncho apatsidwe nkhuku zikadali zamoyo bwino, osati matenda atalowa kale m'mudzi. Botolo limodzi limakwanira nkhuku zambiri kuposa za khomo limodzi, ndiye n'kwanzeru kuti oyandikana asonkherane ndi kutemera tsiku limodzi.

Mbuzi zidikire mpaka banja litakhala ndi khola la m'mwamba ndi chakudya cha m'chilimwe, monga zotsalira za mtedza zosungidwa pa denga la khola ndi masamba a mitengo yobzala ija. Khola la m'mwamba limateteza mbuzi ku matope ndi matenda a ziboda, ndipo zitosi zimagwera pansi pomwe zimasonkhanitsidwa mosavuta kukapangira manyowa. Mbuzi imakhala ndi bere pafupifupi miyezi isanu, kotero ziwiri zazikazi zosamalidwa bwino zimakhala khola m'zaka zochepa. Mbuzi yogulidwa khola lisanamangidwe imayamba kudya mbande za mango ndi kadimba ka mwini wake yemwe, kenako ka oyandikana naye, ndipo nkhani imathera kubwalo la amfumu. Nkhumba zimapindulitsa, koma zimalimbirana gaga ndi nkhuku ndi manyowa, ndipo matenda a chigodola alibe mankhwala. Si chiweto cha banja limene likungoyamba kumene.

Za nkhuni n'zachidule. Mbaula ya dothi ya Chitetezo imagwiritsa ntchito nkhuni zochepa kuposa mafuwa atatu ndipo imayaka ndi timitengo ta nandolo, zitsononkho ndi nthambi zodulidwa ku gilisidiya. Nthawi imene mayi ndi ana aakazi ankathera ku phiri imabwerera ku kadimba ndi ku sukulu.

Zimene khomo limodzi silingathe palokha

Pali malire a zimene banja lingachite lokha, ndipo kudzidalira kumene sikuwerengera mudzi kumathera panjira. M'madera ambiri a m'chigawo chapakati ziweto zimamasulidwa chimanga chikangokololedwa, pomwe nandolo, chinangwa ndi mbande za mitengo zikadali m'munda. Mlimi angaphimbire munda wake ndi mapesi mosamala, koma anyamata osaka mbewa akayatsa moto mu Ogasiti ntchito yonse imapsa m'ola limodzi. Angakonze akalozera, koma ngati mwini munda wa kumtunda sadakonze ake, madzi amabwera ndi mphamvu yogumula zonse. Mavuto atatuwa sathetsedwa ndi luso la ulimi koma ndi malamulo a m'mudzi, ogwirizanidwa poyera pamaso pa amfumu, onena za nthawi yomasula ziweto, chindapusa cha wotentha tchire ndi kukonza nthaka motsatira phiri lonse, osati munda umodziumodzi. Malamulo otere amagwira ntchito pamene eni ziweto nawonso adakhalapo popangana, chifukwa mbuzi zomangidwa zimafuna chakudya ndipo funso limenelo liyenera kuyankhidwa pa msonkhano womwewo.

Njira yofikitsira nkhani zimenezi ku khonsolo ilipo kale. Zimayambira ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, ya VDC, n'kupita ku komiti ya dera ya ADC, kumene khansala wa wodi amakhalako. Alangizi a zaulimi a ku EPA ndi alimi achitsanzo amathandiza kuyeza akalozera, kuonetsa kapangidwe ka manyowa ndi kulumikiza magulu ndi otemera nkhuku, ndipo amafika msanga kwa mabanja khumi opempha pamodzi kusiyana ndi munthu mmodzi. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo, koma mbande zobzala nthawi imeneyo zimafesedwa m'machubu cha mu Ogasiti ndi Seputembala. Midzi yofuna nazale yakeyake iyenera kupereka pempho la machubu ndi njere ku VDC zokolola zikangolowa m'nkhokwe, ndi kusankhiratu malo a nazaleyo pafupi ndi madzi osaphwa m'chilimwe.